Anakana kutilumikizira magetsi chifukwa cha mawaya: mmene ndinayendera kuno ku Dedza

Magetsi ayaka tsopano, ndiye ndilembe msanga mtima usanazizire. Mawu anga oyamba ndi awa: aliyense wofuna kugwira mawaya a m'nyumba mwanu akuonetseni chiphaso chake cha ku MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo dzina la pa chiphasocho lifanane ndi la pa chitupa chake cha unzika. Osalola fotokope yofufutika, osalolanso zoti "abwana anga ndi amene ali nacho".

Nyumba yathu tinaigula yakale, magetsi alimo kale. Dzinja lathali mphenzi inaotcha mita. A ESCOM atabwera sanangoyang'ana mitayo n'kumapita. Anatsegula bokosi la ma breaker, masiwichi aja ozimitsa okha magetsi pakalakwika, wina anakwera m'siling'i, wina anazungulira kuseri. Potuluka anati, "Mayi, mmene zililimu sitingalumikize." Ine ndilibe nawo mlandu, chifukwa zimene anandionetsa ndinaziona ndekha. Mwini wake wakale anakoka waya kuchokera pa soketi ya kukhitchini, n'kuudutsa pa windo mpaka ku boyizikota, wolumikizalumikiza ndi selotepu, ukulendewera pamwamba pa chingwe choyanikira zovala. Earth, yomwe imapititsa m'dothi magetsi othawa kuti asagwire munthu, kunalibe. Kawaya kobiriwira kanangotsika pakhoma n'kuthera m'dothi, popanda chitsulo chilichonse pansi. Nchifukwa chake chitseko cha firiji chinkatigwira shoko tikaponda pansi opanda nsapato. M'siling'imo makoswe anali atadya kale chikopa cha mawaya ena.

Apa mumvetse malire. Mita ndi waya wochokera pa polo ndi za ESCOM, musazikhudze, musalolenso mmisiri wanu kuzikhudza, ndi mlandu. Kuyambira pa main switch kulowa m'nyumba ndi zanu, ndalama zake n'zanu. A ESCOM akamakuuzani zolakwika, apempheni alembe papepala. Bambo a ana ali ku Joni, ndiye ndinangojambula pepalalo n'kuwatumizira pa WhatsApp, apo ayi akanati ndikukokomeza.

Tsopano munthu amene anandidyera ndalama. Anandilozera ndi anthu a pamsika, akuti anakonzapo mashopu angapo. Anabwera ndi chikwama cha zida, tesita ili pakhutu, mawu okoma. Ndinafunsa chiphaso, anatulutsa fotokope yopindapinda. "Mayi, musadandaule, ntchito iyi ndi ya masiku awiri." Anatenga theka la ndalama ya ntchito ndi ndalama yonse ya katundu, akuti ku Lilongwe ali ndi shopu yomwe amamutsitsira mtengo. Ntchito anagwiradi, mapaipi anakhoma bwino, kuyang'ana ndi maso munthu n'kukhutira. Vuto linabwera nditati asaine fomu yotsimikizira kuti mawaya ayesedwa, yoti ndipite nayo ku ofesi. Mpamene anayamba kukanda m'mutu. Akuti chiphaso chija ndi cha abwana ake, iwowo ndi amene amasaina, ndipo ali ku Lilongwe. Akuti ndikapita ndekha ndi fomuyo zitheka tsiku lomwelo.

Tsiku limenelo ndikalikumbukira mutu umandiwawa. Ndinadzuka m'bandakucha, kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa, chifunga chili phiri lonse. Ndinasiya ana ndi achemwali, ndinatseka geni yanga, ndinakwera minibasi. Inaima pa Chimbiya, inaima pa Linthipe, pa Nathenje inachita kugona kudikira anthu. Nditafika mu depoti ndinaimba nambala yomwe anandipatsa. "Mayi, ndili kumaliro pang'ono, ndikupezani." Ndinakhala pa benchi. Itakwana 12 koloko ndinaimbanso, akuti ali mu msonkhano. Maliro asanduka msonkhano! Cha m'ma 2 koloko foni inazima, osayakanso. Ndinaimbira mmisiri wanga uja, nayenso sakupezeka. Ndinadya chimanga chootcha, ndinalipira chimbudzi cha mu depoti, ndinabwerera ku Dedza usiku, fomu ili yoyera mmene ndinainyamulira, n'kukafikira m'nyumba yamdima. Ndalama ya thiransipoti yapita, ya geni ya tsikulo yapita. Nyama yomwe ndinakasungitsa mu firiji ya aneba nayonso inali itayamba kundichititsa manyazi, tsiku ndi tsiku "odi, ndadzatenga ndiwo".

Ndipo taganizani, abwanawo akanapezeka, akanasainira nyumba yomwe sanaiondepo n'komwe. Zimenezi zikuchitika, anthu akubwereketsa ziphaso ngati khasu. Funsani chiphaso, dzina lifanane ndi nkhope.

Wachiwiri ndinamupeza kudzera kwa achimwene ena a kutchalitchi amene anamanga chaka chatha. Bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Chiphaso anatulutsa ndisanafunse. Iyeyu sanayambe ndi kukhoma chilichonse, anayamba ndi makina oyezera. Zimene anapeza zinandiwawa kuposa ulendo wa ku Lilongwe uja. Anadula kachidutswa ka waya watsopano uja n'kukapala ndi mpeni. Kunja kofiira ngati kopa, mkati moyera. Aluminiyamu wongokutidwa pamwamba kuti azioneka ngati kopa. Waya wotere umatentha, umathyoka pa zomangira, ndipo ndi umene umayatsa nyumba usiku. Anakumbanso pomwe panali earth, n'kuzula chitsulo ndi dzanja limodzi. Mnyamata uja anadula ndodo ya earth pakati, theka anakhomera kwa ine, theka lina kaya anakagulitsa kuti.

Ndiye tinayambiranso. Ulendo uno katundu ndinakagula ndekha, bambowo ali pambali panga. Mukamagula waya, nyamulani kampeni, pemphani kachidutswa, palani pomwepo wogulitsa akuona. Akakana, tulukani. Kwezaninso mpukutuwo m'manja, wa kopa weniweni umalemera. Mitengo sinditchula chifukwa chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero si wa mawa, koma mukapeza waya wotsika mtengo modabwitsa, dziwani kuti pali chifukwa. Masaizi ake ndinawaloweza chifukwa chowalipira kawiri: 1.5 ndi wa mababu, 2.5 ndi wa masoketi, kuka imafuna 6 ndi breaker yakeyake. M'nyumba mwathu masoketi ena anali pa 1.5, ndipo pomwepo mpamene ana ankalumikiza hita mu Juni ndi Julayi. Magetsi athu kuno ndi a 230 volts, si masewera.

Ndaiwala kunena za breaker ina ija, yoteteza munthu, amati earth leakage, ya 30mA. M'bokosi lathu munalibe. Imeneyi imazimitsa yokha magetsi akayamba kudutsa molakwika, kaya m'madzi kaya m'thupi la mwana. Ili ndi kabatani koyesera. Mmisiri akamaliza, dinani nokha kabataniko iye ali pomwepo. Ikapanda kugwa, musamulipire.

Earth ndiyo inativuta kwambiri. Dothi la kwathu kuno kumunsi kwa phiri ndi la miyala, ndipo nthawi imeneyo linali litauma gwa. Ndodo yoyamba inalowa pang'ono n'kugunda thanthwe. Makina anakana. Tinasuntha kupita kufupi ndi mpopi, komwe pansi pamakhala chinyezi chaka chonse, n'kukhomanso ndodo yachiwiri chapatali pang'ono, kuzilumikiza ndi waya. Aneba ena anabwera ndi nzeru yoti tithire mchere ndi makala m'dzenjemo. Bambo aja anapukusa mutu, akuti mchere umapusitsa makina lero koma umadya chitsulo ndi cholumikizira chake, pakatha zaka zochepa earth palibenso. Anasiyanso kabokosi kotsegula pamwamba pa ndodoyo kuti oyendera adzaone ndi maso, asadzachite kukumba.

Za boyizikota, waya wa pa windo uja tinauchotseratu. Anandiuza njira ziwiri. Ngati mukugonamo a pabanja panu, pamafunika waya woyenera wodutsa pansi, wotetezedwa, wokhala ndi breaker yake. Ngati muli alendi olipira renti, kuli bwino apemphe mita yawoyawo, mikangano ya mayunitsi ithe. Ine muli mnyamata wa renti, ndiye ndinasankha yachiwiriyo.

Zotsalazo zinayenda mosavuta, sindichulukitsa. Bambo aja anadzaza fomu, analemba zimene makina anawerenga, anasaina n'kulemba nambala ya chiphaso chawo. Ndinapita nayo ku ofesi pamodzi ndi nambala ya mita, fotokope ya chitupa changa ndi pepala la zolakwika lija. Chilichonse chomwe mwauzidwa kulipira, lipirani pamalo ovomerezeka, mutenge lisiti. Panja pa maofesi otere sipalephera anyamata oti "mayi, tikufulumizitsireni", ine ndinali nditakhuta kale anthu ofulumizitsa. Jambulani mapepala onse pa foni musanapereke. Siyani nambala ya foni yomwe imayaka, ndipo popeza kwanu kulibe magetsi, muzikatchajitsa m'mawa uliwonse, chifukwa oyendera akaimba n'kukusowani amapita kwina. Tsiku lobwera mukhalepo nokha ndi makiyi a zipinda zonse, makwerero akhale pafupi, ndipo ngati n'kotheka mmisiri wanu akhalepo kuti mafunso ayankhe yekha. Kwathu anayeza earth, anadina kabatani kaja, anasuzumira m'siling'i, anazungulira kuseri kuona ngati waya wa pa windo unachokadi, kenako anaika mita.

Sungani malisiti a katundu yense. Ine a ulendo woyamba ndilibe, chifukwa mnyamata uja sanabweretse ngakhale limodzi, ndipo ndi chimene chikundivuta pano pomwe nkhani yake ndaitengera kwa amfumu. Anabwera kamodzi, anavomera za ndodo ija, za waya akukana, akuti nayenso anamupusitsa a shopu. Walonjeza kubweza theka akakolola mbatata. Mnyamata wa ku boyizikota akudikirabe mita yake, pakadali pano amadzatchajitsa foni kukhitchini kwanga, ndipo renti ndamutsitsira.