Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Ulembi wa komiti ya nkhalango

Mwandiumiriza, ndiye ndabweranso. Zikomo nonse amene munandipepesa pa za maliro a bambo m'gawo lapita lija. Koma achimwene amene munalemba kuti "a ku Mulanje munadya nokha phiri lanu", khalani pansi, lero ndi lanu.

Bambo atatisiya, sowo yawo ija anatenga amalume. Zaka za ku Limbe tizidumphe, munalibe kanthu. Nditabwerera ku Likhubula ndinapeza midzi ili ndi makomiti a zachilengedwe, monga linalolera lamulo la nkhalango la 1997, ndipo amfumu anandiika ulembi poti Chingerezi ndinkachitha.

Alendo ankabwera pa galimoto zoyera, mapepala atalemba kale kwawo. Ife kwathu kunali kuwomba m'manja, kusaina, kulandira alawansi. Moto ukabuka mu Okutobala ankati, "Eni phiri ndinu, thamangani." Koma za amene apatsidwe chilolezo chocheka mkungudza, palibe anatifunsapo. Phirili linakhala nkhalango ya boma mu 1927, agogo athu osafunsidwa. Paini wa pa Chambe, pamwamba pa phirilo, anabzala ndi obwera, ndipo obweranso ndi amene anadzati paini akulanda malo a mitengo yachilengedwe, adulidwe.

Sindikukana, ndalama zakunja zinatsegula manazale, ndipo asuweni anga anapeza ganyu yolambula njira zotchinga moto. N'chifukwa chake ndinakhalitsa mu komitimo, inu amene mumati ndinkatsata alawansi.

Chinandithyola ndi cha mayi. Tsiku lina akutsika ndi mtolo wa nkhuni zouma, mlonda wina anawaimitsa. Tikiti anali atadula, koma inanyowa ndi mvula pa mfundo ya chitenje, zilembo osaoneka. Anawalanda chikwanje, nkhuni n'kuzimwaza, n'kuwakhazika pansi m'matope, ana asukulu akudutsa. Mayi a msinkhu umene uja! Nditafika anangoti, "Mwanawe, usayankhe, tiye kwathu." Njira yonse sanalankhule, nkhata ili m'manja. Madzulo nsima sanadye. Ine mlembi wa komiti, buku lili m'khwapa, osatha kuwombola ngakhale chikwanje cha mayi anga. Usiku womwewo tinamva lole ikutsika, ndipo fungo la mkungudza wochekedwa kumene silibisika.

Inde achimwene, anyamata athu ankasenza matabwa pamutu kuchokera ku Lichenya, pamwamba pa phiri, amalume nawonso ankacheka. Koma lole inali ya yani? Mkungudza, mtengo umene Kamuzu anaulengeza mu 1984 kuti ndi wa fuko, pofika 2017 ofufuza anapeza ikuluikulu 7 yokha. Pitani mukaone ngati m'mudzi mwathu muli nyumba ya zitseko za mkungudza.

Pa msonkhano wotsatira ndinaimirira n'kufunsa za loleyo pamaso pa alendo. Womasulira sanamasulire. Zimene amalume anandichita pabwalo la amfumu sabata yomweyo, ndikuuzani m'gawo 8.