Zitsime za m'madimba zimene timamwa

M'madambo a ku Mitundu, ku Nathenje ndi ku Malingunde, chitsime chimene mlimi amatungamo madzi othirira tomato ndi nazale ya fodya m'chilimwe ndi chomwecho chimene banja lake limamwa likamagwira ntchito ku dimba, ndipo m'midzi imene mjigo uli kutali kapena unafa, amayi amatunga pomwepo madzi ophikira. Zitsime zimenezi n'zosazama, zambiri zilibe khoma kapena chivindikiro, choncho mvula yoyamba ikagwa imakokolola ndowe za ziweto, chimbudzi cha patchire ndi feteleza wotsalira m'mizere n'kukazithira m'menemo.

Mliri wa kolera umene unabuka mu Malichi 2022 ku Machinga unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Kuchokera pamenepo ambiri anazolowera kuthira m'madzi klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, zimene n'zoyamikika ndithu. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti klorini amapha tizilombo tokha. Sachotsa nayitireti, mchere wosungunuka m'madzi wochokera ku feteleza wa Urea ndi ku manyowa, sachotsanso mankhwala opopera mbewu amene amalowa m'madzi anthu akamatsukira sipuleya pafupi ndi chitsime. Ngakhale kuwiritsa sikuthandiza pa nayitireti, chifukwa madzi akamaphwera pamoto iye amatsala momwemo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati nayitireti asapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa, makamaka pofuna kuteteza makanda omwetsedwa mkaka wosungunula, amene magazi awo amalephera kunyamula mpweya bwino akamwa madzi otere.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili pachitsime penipeni. Chimbudzi, khola ndi dzala zikhale kumunsi kwa chitsime, pamtunda wosachepera mamita 30. Khoma la njerwa likwere kupitirira nthaka, pozungulira pawakidwe simenti yotsetsereka yokhala ndi ngalande yotaya madzi kutali, ndipo ndowa yotungira ikhale imodzi, chingwe chake chisamagone m'matope. Ndikudziwa kuti thumba la simenti lakwera mtengo kwambiri, komabe mabanja omwa chitsime chimodzi akasonkherana kudzera kwa amfumu kapena komiti ya madzi, n'kuumba okha njerwa, ntchitoyi imatheka, ndipo imagwirika mosavuta mu Okutobala madzi atatsika, mvula isanayambe.