Zimene nginx.conf imachita osanena

Gawo la maphunziro anga a kasamalidwe ka maseva landifikitsa pa fayilo imodzi, /etc/nginx/nginx.conf, mmene mumalembedwa malamulo a Nginx, pulogalamu ya pa seva yopereka masamba a pa intaneti kwa alendo. Pa Ubuntu fayiloyi ndi yaifupi, ndipo mizere yambiri ndi ndemanga zoyamba ndi chizindikiro cha #, zimene pulogalamu siiwerenga n'komwe. Ukaiyang'ana mothamanga umati palibe chovuta. Koma ndaona kuti seva imayenda ndi malamulo amitundu iwiri: amene unalemba, ndi amene Nginx imatsatira iwe ukakhala chete. Achiwiriwa ndi amene amadyera munthu nthawi.

Mizere itatu ya kumayambiriro imamveka bwino ukadziwa kumene Nginx inachokera. Anailemba ndi Igor Sysoev wa ku Russia akugwira ntchito ku kampani ya pa intaneti ya Rambler, n'kuitulutsa mu 2004. Nthawi imeneyo Apache, pulogalamu ina ya ntchito yomweyo imene inayamba mu 1995, kawirikawiri inkapatsa mlendo aliyense process yakeyake (kope la pulogalamu loyenda palokha), kotero anthu akachuluka memory inkatha. Sysoev anafuna kuti ma process ochepa azitha kusamalira anthu masauzande nthawi imodzi. N'chifukwa chake pali worker_processes auto, kutanthauza kuti ma worker, ma process osamalira alendo, achuluke molingana ndi ma core a kompyutayo, komanso worker_connections, malire a kulumikizana kumene worker aliyense angagwire nthawi imodzi, amene Ubuntu imaika pa 768 pomwe Nginx payokha ikanaika 512. Nambala imeneyi si ya alendo okha. Ngati Nginx ikupititsa pempho ku pulogalamu ina kumbuyo, kulumikizana kumeneko nakonso kumawerengedwa.

Mzere wa user www-data ndi umene unandisangalatsa. Process yaikulu imayamba ngati root, wogwiritsa ntchito wa mphamvu zonse, chifukwa pa Linux ma port (zipata za manambala zolandirira mapempho) ochepera 1024, monga 80 ndi 443, satsegulidwa ndi wina aliyense. Ikawatsegula, imasiyira ntchito ma worker amene amayenda ngati www-data, wogwiritsa ntchito wopanda mphamvu zambiri. Wina akathyola tsamba lako, apeza manja ali omangika. Koma zikutanthauzanso kuti mafayilo amene iwe ukuwaona bwinobwino mu foda yako, www-data akhoza kukanizidwa kuwawerenga, ndipo mlendo amangolandira 403 Forbidden.

Kutsika m'munsi, fayilo imakhala yosanjikizana: http, m'kati mwake server, m'kati mwa server muli location. Zimene walemba pamwamba zimatsikira kwa za m'munsi ngati cholowa cha makolo. Apa ndiye pali msampha wa add_header, lamulo lowonjezera malangizo a msakatuli pa yankho la seva. Tinene kuti mu server walemba mizere itatu ya add_header yoteteza tsamba. Kenaka mu location ya zithunzi wawonjezera umodzi wokha wouza msakatuli kuti asunge zithunzizo kwa nthawi. Nzeru za umunthu zimati tsopano ilipo inayi. Ayi ndithu, utsala ndi umodzi. Location ikangokhala ndi add_header wakewake, yonse ya pamwamba imaitaya. Palibe chenjezo, palibe cholakwika mu error.log, tsamba likutseguka bwinobwino. Njira yodziwira ndi kufunsa seva ndi curl -I n'kuwerenga zimene yayankha. Ine ndikuona kuti apa opanga sanatichitire chilungamo, koma zinalembedwa poyera m'malangizo awo, ndiye wodandaula alibe pogwira.

Kasankhidwe ka server nakonso kali ndi lamulo lobisika. Pempho likafika, Nginx imayang'ana port mu listen, kenaka n'kufananiza dzina la tsamba limene msakatuli watumiza ndi server_name. Nanga dzina likapanda kufanana ndi lililonse? Siikana ayi. Imapereka pempholo kwa server yolembedwa default_server, ndipo ngati palibe, kwa yoyamba pa port imeneyo. Ndi mmene munthu amapezekera akuona tsamba la "Welcome to nginx!" m'malo mwa lake, chifukwa fayilo ya default idakali mu sites-enabled. (Mafoda a sites-available ndi sites-enabled ndi chizolowezi cha Debian ndi Ubuntu, si a Nginx yeniyeni, choncho pa makina ena sudzawapeza.)

Ma location, amene amasankhidwa potengera njira yolembedwa mu adilesi ya tsamba, nawo sawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi. Yoyamba kupambana ndi ya chizindikiro cha =, ngati njira yafanana ndendende. Apo ayi, Nginx imasunga pambali location ya chiyambi chachitali kwambiri chimene chafanana, kenaka n'kuyesa ma regex (ma location ofananiza njira ndi kapangidwe ka zilembo) mu ndondomeko imene analembedwera, ndipo regex yoyamba kufanana imalanda. Ukafuna kuti regex isalande, umaika ^~ patsogolo. Ndinachita kulemba zimenezi papepala n'kumata pafupi ndi kompyuta.

Tsopano mizere imene mulibe n'komwe m'fayilo. Client_max_body_size, woyang'anira kukula kwa zimene mlendo angatumize, sumupeza mu nginx.conf ya Ubuntu, koma akugwira ntchito, ndipo malire ake ndi 1 MB. Chithunzi cha foni ya masiku ano chimapitirira pamenepo mosavuta, ndiye munthu akatumiza amabwezedwa ndi 413, nambala yonena kuti zotumizazo zakula, pempho lisanafike n'komwe ku pulogalamu yako. Ukakweza malirewo, ngati pulogalamu yako inalembedwa mu chinenero cha PHP, nayo ikudikira ndi ake a upload_max_filesize, amene ali pa 2M. Zipata ziwiri, mafayilo awiri osiyana.

Gzip ndi chimodzimodzi. Ubuntu inalemba gzip on, ndipo umakhulupirira kuti zonse zikufinyidwa. Koma mzere wa gzip_types uli kuseri kwa #, ndipo popanda iwo Nginx imafinya HTML yokha, CSS ndi JavaScript zimapita zonenepa momwemo. Kwa ife amene alendo athu ambiri amalowa pa foni ndi bandulo yowerengera, mzere umodzi umenewu ndi ndalama za munthu. Server_tokens off ndi wosavuta, umangobisa nambala ya mtundu wa Nginx pa masamba a zolakwika ndi m'mayankho a seva.

Pakusintha kulikonse, nginx -t imayang'ana ngati kalembedwe kali bwino, n'kukuuza fayilo ndi mzere pamene pasowa semicolon. Kenaka reload, osati restart. Pa reload process yaikulu imadzutsa ma worker atsopano, akale n'kumalizitsa kaye alendo amene ali nawo, ndipo fayilo yatsopano ikakhala yolakwika imapitiriza ndi yakale. Palinso nginx -T ya T wamkulu, imene imasindikiza mafayilo onse obwera kudzera mu include pamalo amodzi. Imathandiza kwambiri, koma imaonetsa zolembedwa zokha. Za malire a 1 MB aja siinena chilichonse. Zimenezo zili pa nginx.org, pamene lamulo lililonse lili ndi mizere ya Default ndi Context pansi pa dzina lake, ndipo panopa ndikuwerenga mizere iwiriyi kaye ndisanafike pa kufotokoza kwake. Chotsatira pa ndandanda yanga ndi port 443 ndi ma satifiketi oteteza tsamba ochokera ku bungwe la Let's Encrypt.