Pepala lomwe linandichedwetsa kumanga: momwe ndinakonzera site plan ya puloti yanga

Pulani ya nyumba ndinali nayo kale, yojambulidwa bwino pa pepala lalikulu: zipinda zogona zitatu, pabalaza, khitchini yokhala ndi kasitolo, khonde loyang'ana kummawa. Madzulo ndikaweruka kuntchito ndinkaifunyulula patebulo, ana n'kumalimbirana zipinda. Puloti ndinali nayo mu Blantyre momwe muno, pamalo otsetsereka ndithu, ndipo lizi yake ya zaka 99 inali itatuluka. Mumtima ndinkati chatsala n'chidindo cha khonsolo basi, kenako tiyambe kukumba maziko mvula isanabwere.

Mumzinda sumangodzuka n'kuyamba kumanga, ngakhale malowo akhale ako. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, limafuna kuti utenge kaye chilolezo cha chitukuko chomwe ukufuna kuchitacho. Kuno ku Blantyre mapulani amakaperekedwa kukhonsolo ya mzinda ku Civic Centre ku Chichiri. Ndinapita ndi mafomu odzaza, makope angapo a mapulani ndi kope ya lizi, ndinalipira ndalama younikira mapulaniwo, ndinasunga lisiti. Patapita masabata angapo ndinaitanidwa kuti ndikatenge mapepala anga. Anali asanadindidwe.

Bambo amene anandilandira anayala mapepalawo pa desiki, naika pambali onse osonyeza zipinda, denga ndi maonekedwe a nyumba. Anatsala ndi limodzi lomwe ine ndinali ndisanaliyang'anitsitsepo. Panali bokosi la ngodya zinayi, mkati mwake kabokosi kena koimira nyumba, m'munsi mwake mawu akuti msewu.

"Mayi, nyumba yanu ndi yabwino," anatero. "Koma pepala ili silikutiuza kuti nyumbayo ikhala pati. Amene anajambulayu anafikako kupuloti?"

Sanafikeko. Anali mnyamata wina wodziwa kujambula pa kompyuta amene mnzanga anandilozera chifukwa anali wotchipa. Ndinangomuuza pafoni kuti puloti ndi mamita 20 m'lifupi, 30 m'litali, iye n'kujambula ali kwawo. Tsiku limenelo ndi pomwe ndinamvetsa kuti pali mapepala atatu osiyana. Location plan imasonyeza pomwe puloti ili m'dera lonse, misewu yofikirako ndi mapuloti oyandikana nawo, kuti woyendera apafike osasochera. Mapulani a nyumba amasonyeza nyumbayo payokha. Pakati pa awiriwa pali site plan, yomwe imaika nyumbayo pa nthaka yeniyeni, pakati pa malire enieni, moyandikana ndi anthu enieni. Bambo aja anandilembera zosoweka kumbuyo kwa pepala, ndipo anandilangiza kuti ndipeze wojambula mapulani wolembetsedwa ku bungwe loona za ma architect, komanso saveya (woyeza malo) wokhala ndi laisensi.

Ndinayamba ndi saveya, chifukwa china chilichonse chimayezedwa kuchokera kumalire. Tinakumana kupuloti Loweruka mmawa, udzu utafika m'chiuno. Anabwera ndi anyamata awiri, chida choyezera chokhala pa miyendo itatu, zikwanje, ndi deed plan yomwe inamatidwa kumapeto kwa lizi yanga. Ine pepala limenelo ndinkangoliona ngati chokometsera lizi, osadziwa kuti ndi lomwe lili ndi manambala a bikoni iliyonse (chizindikiro cha malire pa kona ya puloti) ndi kutalika kwa mbali iliyonse ya puloti. Bikoni yoyamba tinaipeza msanga pafupi ndi msewu: kachitsulo kozikidwa mu simenti, kongotulukira pang'ono pamwamba pa dothi. Yachiwiri inali itakwiririka ndi dothi lokokoloka, mnyamata anachita kufukula ndi khasu mpaka linalira pa simenti. Yachitatu sinapezeke konse, wina anaizula polima, ndipo saveya anaibwezeretsa potengera manambala aja. Yachinayi tinaipeza kuseri kwa mpanda wa udzu wa neba wanga, kusonyeza kuti mpandawo unali utalowa mbali yanga pafupifupi mita imodzi.

Apa mtima unandigunda, chifukwa nkhani za malire zimadanitsa anthu mpaka adzukulu. Saveya anati tisazule kanthu, tiwaitane eni akewo. Anabwera bambo wachikulire, anawerama n'kuiyang'ana bikoniyo, anaonetsedwa manambala pa pepala, ndipo anati, "Amayi, ine ndinagula mpanda uli pomwepa. Ngati bikoni ikutero, tisuntha." Ndimathokoza kuti izi zinachitika pomwe mpanda unali wa udzu. Ukanakhala wa njerwa, bwenzi tikulankhula zina.

Ndiye chinthu choyamba pa site plan yatsopano chinali malire: bikoni zonse zinayi ndi manambala ake, kutalika kwa mbali iliyonse m'mamita, kukula kwa puloti yonse, nambala ya puloti yanga ndi manambala a mapuloti onse ogundana nayo. Pakona panali muvi wolozera kumpoto ndi sikelo. Yanga inajambulidwa pa 1:200, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa pepala ndi mamita 2 pansi. Mapuloti akuluakulu amajambulidwa pa 1:500, pomwe mapulani a nyumba kawirikawiri amakhala pa 1:100. Sikelo si yokongoletsera. Wounika amaika rula pa pepala n'kuyeza yekha, ndipo manambala olembedwa akasemphana ndi zomwe rula ikunena, pepalalo limabwerera. M'munsi munali kabokosi kokhala ndi dzina langa, dzina ndi chidindo cha wojambula, tsiku, ndi mawu ofotokoza kuti ndi nyumba yokhalamo banja limodzi. Mawu amenewa ndi ofunika, chifukwa malo aliwonse mumzinda anapatsidwa ntchito yake. Pamalo a nyumba zokhalamo sungangoikapo galaja yokonzera magalimoto, tchalitchi kapena malo ogona alendo popanda kupempha kaye kusintha ntchito ya malowo.

Wojambula watsopanoyo, mayi wofatsa amene anayenda puloti yonse ndi tepi m'manja, anaika nyumba pa pepala n'kulemba mtunda kuchokera ku khoma lililonse kufika kumalire: kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali monse muwiri. Khonsolo ili ndi miyeso yake ya mpata womwe uyenera kutsala, ndipo imasiyana malinga ndi dera komanso msewu womwe puloti yayang'ana, choncho funsani za dera lanu musanajambulitse. Mpata umenewu ndi wa mpweya ndi kuwala, ndi woti moto ukabuka usalumphire kwa neba, ndi woti madzi a padenga lako asagwere m'bwalo la mnzako. Kutsogolo kulinso malo a msewu, omwe ndi otambalala kuposa mpita womwe magalimoto akudutsa lero. Ambiri amayeza kuchokera pomwe pakuthera matayala, n'kumanga mpanda pamalo omwe tsiku lina padzadutsa ngalande kapena phula. Muyeso woyenera umayambira pa bikoni.

Ine ndinkafunanso boyizi kota kumbuyo, yoti ndidzamange ndalama zikadzapezeka. Ndinkati ndisaitchule kaye. Mayi aja anakana, anati chilichonse chomwe chidzaime pa puloti chionekere: nyumba yaikulu, boyizi kota, mpanda ndi kutalika kwake, geti, thanki ya madzi, ngakhale kachisakasa kosungira simenti komwe kanalipo kale, kosonyezedwa kuti kadzagwetsedwa. Anawerengeranso gawo la puloti lomwe lidzaphimbidwe ndi nyumba. Puloti yanga ndi masikweya mita 600, nyumba ziwirizo pamodzi 180, ndiye kuti 30 pa 100 iliyonse. Nambala imeneyi imalembedwa pa pepala pomwepo, chifukwa pali malire a kuchuluka kwa malo omwe ungamangepo.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa nkhani ya madzi a mvula. Saveya anali atatenga miyeso ya kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ndipo pa pepala panatuluka mizere yokhotakhota ya makontuwa. Kuchokera kukona ya kumtunda kufika ya kumunsi, nthaka imatsika pafupifupi mamita 3. Pa pepala la mnyamata uja malowa ankaoneka osalala ngati bwalo la mpira. Mayi wojambula ananditengera kumtunda n'kundionetsa kanjira kopanda udzu kodula puloti mopingasa, timiyala titasanjikana m'mbali mwake, zinyalala zouma zitakodwa pa zitsa. "Awa ndi mapazi a madzi," anatero. "Chaka chilichonse amadutsa apa, ndipo pomwe munafuna chipinda chanu chogona ndi pakati pa njira yawo."

Aliyense amene anali mu Blantyre mu Malichi 2023 sangamve mawu otere n'kuwapeputsa. Namondwe Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu ambirimbiri n'kutaya miyoyo. Mzinda wathu unamangidwa pakati pa mapiri a Soche, Ndirande, Michiru ndi Bangwe, ndipo madzi onse otsika m'menemo amafuna njira yopita ku Mudi, Naperi, Nasolo ndi timitsinje tina. Denga lililonse latsopano ndi bwalo lililonse lowakidwa simenti zimachepetsa nthaka yomwa madzi, otsalawo n'kuthamangira kwa amene ali kumunsi. Kumunsi kwa puloti yanga kuli banja la ana aang'ono. N'chifukwa chake ndimaona kuti mwa zonse zomwe khonsolo imafuna pa site plan, gawo la ngalande ndi lomwe munthu sayenera kulichita mongokwaniritsa lamulo.

Tinasuntha nyumba pang'ono kupita kumadzulo. Pa pepala panajambulidwa ngalande yowaka yolandira madzi kumtunda, yotsata malire a kummawa mpaka kukathira mu ngalande ya msewu, timivi tikusonyeza komwe madzi akulowera. Pageti panasonyezedwa kalavati, kuti polowera galimoto pasatseke ngalande ya msewuyo. Kumbuyo kwa nyumba, komwe tinayenera kudula nthaka kuti pakhale posalala, panaikidwa khoma lotchinga dothi lokhala ndi timabowo totulutsa madzi, ndipo khoma limeneli linafuna kuti injiniya aliwerengere n'kusainira. Msinkhu wa pansi pa nyumba unalembedwanso, wokwera kuposa bwalo.

Za madzi oipa zinatenganso nthawi. Kudera kwathu kulibe paipi ya suweji ya mzinda, ndiye pafunika septiki tanki ndi dzenje lomwetsa madzi otuluka m'tankimo. Zonsezi ziyenera kuoneka pa site plan pamodzi ndi njira ya mapaipi kuchokera kubafa, kuchimbudzi ndi kukhitchini, ma manhole ake (timaenje tovundikira toonera mapaipi), ndi mtunda kuchokera kunyumba ndi kumalire. Ziyenera kukhala kumunsi kwa nyumba, koma osati mogundana ndi neba, komanso pamalo poti galimoto yopopa idzathe kufika tanki ikadzadza. Mfundo yomalizayi sindikanaiganizira ndekha. A khonsolo amafunanso kudziwa ngati pafupi pali chitsime kapena mjigo, chifukwa alangizi a zaumoyo amanena kuti dzenje lotere litalikirane ndi pomwe anthu amatunga madzi ndi mamita osachepera 30. Paipi ya madzi akumwa ya Blantyre Water Board tinaisonyeza pomwe idzalowere, kutali ndi mapaipi a zoipa.

Zotsalazo zinayenda msanga. Mawaya a ESCOM amadutsa tsidya lina la msewu, ndiye sanativute, koma anajambulidwabe, chifukwa pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi ndi pamwamba pa mapaipi akuluakulu a madzi saloleza kumanga. Panasonyezedwa poimika galimoto, poika bini ya zinyalala, ndi mitengo iwiri ya mango yomwe ndinakana kuti idulidwe. Amene akumanga sitolo, sukulu kapena nyumba zambiri zochititsa lendi amafunsidwa zoposa izi: malo okwanira oimika magalimoto, potsitsira katundu, njira ya galimoto yozimitsa moto. Wogawa malo aakulu kukhala mapuloti amapereka layout yosonyeza misewu, ngalande ndi malo osiyidwa a anthu onse. Ntchito zikuluzikulu zimafunanso kuunikidwa momwe zikhudzire chilengedwe ndi anthu, motsatira Environment Management Act ya 2017, kudzera ku bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Nyumba imodzi ngati yanga sinafike pamenepo.

Nditabwezanso mapepala, anadutsa m'manja mwa a mapulani a mzinda, a zomangamanga ndi a zaumoyo, kenako anakalowa ku komiti yomwe imavomereza mapulani. Komitiyo imakhala pa masiku ake, ndiye ndi bwino kufunsa tsiku lomwe ikumanenso kuti mapepala afike nthawi ilipo. Anatuluka ndi chidindo pa tsamba lililonse, pamodzi ndi kalata ya chilolezo yokhala ndi mfundo zoyenera kutsata, kuphatikizapo yoti ndiwadziwitse tisanathire konkire m'maziko, komanso kuti nyumba ikatha adzaiyendere ndisanalowemo. Kope imodzi ndinaikutira mu pulasitiki n'kuipereka kwa kapitawo kuti izikhala pamalo omangira.

Tsiku lokhoma zikhomo, kapitawo anafuna kusunthira nyumba kumtunda pang'ono kuti achepetse zokumba. Ndinafunyulula site plan pamwamba pa mulu wa njerwa, tinakoka tepi kuchokera pa bikoni yomwe tinafukula ndi khasu ija, ndipo chingwe chinabwerera pomwe pepala linanena. Woyendera atabwera anayezanso kuchokera pa bikoni yomweyo, nasainira. Ngalande tinaiwaka makoma asanafike pawindo. Mvula yoyamba yamphamvu itagwa mu Disembala, ndinathamangira kupuloti ndi ambulera, ndinaima pageti, n'kuona madzi ofiira akutsika m'mphepete mwa malire a kummawa, kulowa pansi pa kalavati, n'kupitirira ndi ngalande ya msewu. Bwalo la banja la kumunsi lija linali longonyowa ndi mvula yogwa kumwamba, ana ali pakhonde akuonerera.