Masiku anayi ku Quelimane, tikudziphikira tokha

Apongozi anga atamva zoti tikupita ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, funso lawo linali limodzi: "Nanga kumeneko tikadya chiyani, mpongozi?" Iwo nsima ya munthu wosamudziwa saikhulupirira. N'chifukwa chake hotela tinaisiya, tinachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kokhala ndi khitchini yake. M'chikwama munalowa ufa woyera, mthiko, chipande ndi tiyi wa kwathu kuno ku Mulanje.

Tinadzuka tambala woyamba, n'kudutsa pachipata cha Muloza, kusintha makwacha kukhala metikali ku Milange, kenako kukwera chapa, minibasi ya kumeneko. Tinadzera ku Mocuba, m'mbali mwa mtsinje wa Licungo, mpaka ku Nicoadala kumene ananazi amaunjikidwa m'mbali mwa msewu. Ndinalawa, ndi otsekemera ndithu, koma akwathu sindiwasinthanitsa.

Ambiri amaganiza kuti Quelimane ali pagombe penipeni. Ayi, doko lake lili pamtsinje wa Bons Sinais, dzina lomwe Vasco da Gama, Mpwitikizi woyenda panyanja, anaupatsa mu 1498, ndipo nyanja yamchere ili chakumunsi. Tauniyo ndi yathyathyathya, yotentha, yodzaza mitengo ya kokonati komanso akabaza a njinga zakapalasa.

Kanyumbako kanalibe zodzionetsera: mapoto atatu, mbaula, sitovu ya gasi, firiji yaing'ono, ndi maneti pabedi lililonse, chifukwa udzudzu wa kumeneko susewera. Madzi m'mpopi ankabwera m'mamawa mokha, ndiye tinkatungiratu m'mabigiri.

Khitchiniyo ndiyo inatitumiza kumsika tsiku lililonse, ndipo tauniyo tinaidziwira kumsikako. Chipwitikizi changa chimathera pa "bom dia", koma apongozi atamva mayi wina wogulitsa tomato akuyankhula Chilomwe, anaponya moni. Eee! Anagwirana manja osasiyana, kufunsana za kumudzi ngati anthu a mbumba imodzi. Mayiyo ndi amene anatisonyeza kogula camarão, tizilombo ta m'nyanja tofanana ndi dzombe lalikulu. Apongozi anakana kulawa, ana anamaliza mbale yonse.

Mayi mwininyumba anandiphunzitsa kupala kokonati. Umakhala pakampando kokhala ndi chitsulo chamano kutsogolo, n'kumakhula mpaka pachikamba, kenako kufinya ndi madzi ofunda kuti patuluke mkaka. Mkakawo, pamodzi ndi mandimu, adyo ndi tsabola, ndiwo amanyowetsera nkhuku asanaiwotche pamakala. Nkhuku imeneyi, frango à zambeziana, ndiyo imatchukitsa chigawo chonse cha Zambézia, momwe muli Quelimane. Ife tinaidyera nsima ya ufa wa ku Mulanje, ndipo mwininyumbayo anasamba m'manja n'kudya nafe pamkeka.

Tili mkati modya, ndinafunsa chifukwa chake malata a mbali imodzi ya denga anali atsopano. Mwana wawo, yemwe anakhalako ku Milange ndipo Chinyanja amachitha, anamasulira yankho: Freddy. Namondweyo anatera kumtunda pafupi ndi Quelimane pa 11 March 2023, asanakwere kudzagwetsa mvula yosalekeza ija kwathu ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Blantyre. Iwo anafotokoza za mphepo yosasula madenga usiku wonse. Apongozi anafotokoza za napolo, miyala yogubuduka kuchokera m'phiri, milatho yokokoloka, ndi maliro amene tinayika popanda mitembo. Tonse tinakhala duu, nsima n'kuzizira m'mbale.

Tsiku lomaliza tinapita kugombe la Zalala. Ana anathamangira m'mafunde, kulawa madzi, n'kubwerera akulavula. Apongozi anangoviika mapazi, chitenje atachigwira m'manja.

Ponyamuka, ufa wotsala ndi tiyi uja tinasiyira mwininyumba. Iwo anatipatsira makokonati asanu ndi limodzi komanso chitsulo chopalira chija. Mmisiri wa pa Chitakale wachikhomera kale pakampando, ndipo Loweruka likubwerali nkhuku ya tambala ikugwa.