Chithunzi chosalala chinandinamiza: momwe ndinayendera ndi kafukufuku wa cheza pa X-ray ya pachifuwa

Mutu woyamba wa kafukufuku umene ndinapereka unali waukulu moti wondiyang'anira atangouwerenga anaseka. Ndinalemba kuti ndikufuna kufufuza ubwino wa zithunzi ndi mlingo wa cheza m'dipatimenti yonse ya X-ray kumene ndimagwira ntchito yojambula odwala. Anandibwezera pepalalo n'kunena kuti, "Kodi inu mukufuna kumaliza chaka chino kapena imvi zitamera? Sankhani chiwalo chimodzi, chipinda chimodzi, makina amodzi." Ndinasankha chifuwa chojambulidwa kuchokera kumsana, chimene pantchito timangoti PA. Ndicho timajambula kwambiri tsiku ndi tsiku, choncho odwala okwanira ndikanawapeza msanga.

Anzanga ena anandifunsa chimene ndinkavutikira ndi chifuwa pomwe cheza chake n'chochepetsetsa. Sananame. Chithunzi chimodzi cha PA chimapereka pafupifupi 0.02 mSv (mSv ndi muyezo wa cheza chimene thupi lalandira), pomwe munthu amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera m'chilengedwe, m'miyala, m'dothi, mumpweya wa radon ndi kumwamba. Ndiye kuti chithunzicho chikufanana ndi masiku atatu okha a moyo wamba. CT ya pachifuwa, ija yojambula thupi m'magawomagawo, imafika cha m'ma 7 mSv, kuposa PA maulendo oposa 300. Komabe ine ndinkaona kuti dzanja la wojambula limazolowera pachifuwa, ndipo chizolowezi chomwecho n'chimene amapita nacho pamsana, m'chiuno ndi kwa ana.

Chinandikoka kwenikweni ndi kusiyana kwa filimu ndi makina a digito. Nthawi ya filimu, ukachulutsa mAs, nambala youza makina kuchuluka kwa cheza choti atulutse, chithunzi chinkada bii, ukachepetsa chinkayera mbee, ndipo aliyense ankaona kuti walakwitsa. Pa digito kompyuta imakonza yokha kuwala kwa chithunzi. Chimene chalandira cheza chochepa chimatuluka ndi timadontho ngati mchenga, dokotala n'kudandaula. Chimene chalandira chochuluka chimatuluka chosalala, chokongola, ndipo palibe amene amabwera kudzakukalipira. Ndiye wojambula aliyense amawonjezera pang'ono kuti asabwezedwe, wina n'kuwonjezeranso pa zimene anapeza, mlingo n'kumakwera mwakachetechete. M'mabuku amati dose creep. Ndinkafuna kudziwa ngati zimenezi zinalowa kale m'chipinda chathu.

Za chilolezo ndingodutsapo. Komiti yoona za malamulo a kafukufuku inafuna kudziwa zinthu ziwiri: ngati pali wodwala amene ajambulidwe chifukwa cha ine basi, ndiponso momwe ndidzabisire maina. Funso loyamba ndinayankha kuti palibe. Pa lachiwiri ndinaphunzira kuti kufufuta dzina looneka pachithunzi sikokwanira, chifukwa fayilo ya DICOM, mtundu wa fayilo ya zithunzi za m'chipatala, imasunga mkati mwake dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya wodwala. Zonsezo ziyenera kuchotsedwa chithunzi chisanatuluke m'chipatala. Ndinadikira yankho kwa milungu ingapo.

Ndisanalembe nambala iliyonse, katswiri wa fizikisi anabwera ndi zipangizo zake kudzaona ngati makinawo amanena zoona: ukaika 120 kVp (kVp ndi mphamvu ya magetsi imene imapatsa cheza mphamvu yolowera m'thupi), kodi ikutulukadi 120? Ukabwereza kasanu, kodi cheza chikutuluka chofanana? Anayesanso kachipangizo ka DAP kamene kamakhala pakamwa pa collimator (zitseko zochepetsa kapena kukulitsa malo owalitsidwa ndi cheza), kamene kamachulukitsa mlingo wa cheza ndi kukula kwa malo owalitsidwa. Ndinkaona ngati akunditayitsa nthawi. Tsopano ndikudziwa kuti popanda tsiku limenelo manambala anga onse akanakhala ongolota.

Ndi DAP yomweyo imene inandichititsa manyazi. Patatha milungu iwiri ndinaika manambala anga pambali pa a m'mabuku, mtima n'kugunda kuti thi thi thi. Zinkaoneka kuti tikupatsa odwala cheza choposa cha anzathu maulendo 100. Usiku umenewo sindinagone, ndipo kutacha ndinathamangira kwa katswiri uja pepala lili m'manja. Analiyang'ana kamodzi kokha. "Achimwene, makina anuwa akulemba µGy·m², buku lanu likulemba Gy·cm². Gawani ndi 100." Basi. Makina ena amalemba dGy·cm², ena cGy·cm², malingana ndi kampani imene inawapanga. Kuyambira pamenepo, pamwamba pa mzere uliwonse wa tebulo langa ndimayamba ndalemba muyezo, nambala pambuyo.

Posankha odwala ndinatsatira malangizo a mu 2017 a ICRP, bungwe la padziko lonse loona za chitetezo ku cheza, buku lawo la nambala 135, lonena za milingo yoyerekezera imene timaitcha DRL. Pa X-ray wamba amafuna odwala osachepera 20 a thupi lapakati, ndipo ambiri amatenga olemera pakati pa 50 kg ndi 90 kg. Amatinso utenge median, nambala imene imakhala pakati ukawandandalika onse kuyambira wochepa mpaka wochuluka, chifukwa wodwala mmodzi wonenepa kwambiri angathe kukokera avereji kumwamba. DRL ya dziko imaikidwa pamalo pamene zipatala zitatu mwa zinayi zilizonse zili pansi pake. Si malire oletsa. Ukaidutsa, umangouzidwa kuti pita ukaone chimene chikuchitika m'chipinda chako.

Apa panabuka vuto limene sindinaliganizireko. Ndikaima kumbuyo kwa mnzanga kope lili m'manja, ankajambula ngati ali pamayeso: collimator yothina bwino, mtunda wa 180 cm woyezedwa ndi tepi, mawu ofatsa kwa wodwala. Ndikachoka, sindinkadziwa chimene chinkachitika. Inenso ndikanatero, sindikumunena. Ndinapempha kuti sikelo iikidwe pakhomo, wodwala aliyense wa chifuwa aziyezedwa ngati mbali ya ntchito ya masiku onse, ine ndizibwera madzulo kudzatenga kVp, mAs, DAP ndi zina kuchokera m'kompyuta. Patapita masiku anthu anaiwala kuti kuli kafukufuku, ndipo manambala anayamba kunena za ntchito yeniyeni.

Nambala ina imene ndinkalemba ndi ija imaoneka pakona pa sikirini, imene ambiri timaidumpha ndi maso. Muyezo wa mu 2008 wa IEC, bungwe la padziko lonse loika miyezo ya zipangizo zamagetsi, unagwirizanitsa makampani pa exposure index ndi deviation index, mwachidule EI ndi DI. EI imanena kuchuluka kwa cheza chimene chafika pa detector, mbale yolandira chithunzi kuseri kwa wodwala. DI imanena kutalika kwako ndi mlingo umene unafunika: 0 ndiye walasa, +3 ndiye waposa kawiri, -3 ndiye theka. Koma chenjerani nayo, chifukwa imanena za cheza chimene chadutsa m'thupi n'kufika kuseri, osati chimene wodwala walandira. N'chifukwa chake ndinkaiwerenga pamodzi ndi DAP. Komanso DI imadalira mlingo umene munthu wina anaulowetsa m'makina ngati cholinga. Ngati anaulowetsa wolakwika, 0 wakoyo alibe tanthauzo.

Kuyesa kusintha kVp ndi mAs sikuchitika pamunthu. Ndinagwiritsa ntchito phantom, mapulasitiki okhuthala a PMMA osanjikizana kuti afanane ndi chifuwa, ndi mbale yokhala ndi timabowo tosiyana kukula ndi kuya. Umajambula, kenako n'kuwerenga kabowo kochepetsetsa kamene diso likukaonabe. Ndinakhala madzulo angapo m'chipinda chopanda anthu, ndikukweza kVp ndi 15 peresenti n'kudula mAs pakati monga tinaphunzirira m'kalasi, kenako n'kuika kopa (mkuwa) wopyapyala wa 0.1 mm kuti asefe cheza chofooka chimene chimangothera pakhungu osafika pachithunzi. Pamenepo m'pamene ndinamva m'thupi lamulo limene ndinkangoliloweza: kuti timadontho ta mchenga tija tichepe ndi theka, cheza chiyenera kuchuluka kanayi. Kanayi! Ndinayang'ana zithunzi ziwiri zoyandikana, china chosalala pang'ono kuposa chinzake, timabowo tooneka tikusiyana ndi mzere umodzi kapena osasiyana n'komwe.

Gawo lovuta kuposa onse linali kuyeza ubwino wa chithunzi, chifukwa cheza chili ndi chipangizo chochiyeza pomwe ubwino uli m'maso mwa anthu. Ndinatenga mfundo za m'malangizo a ku Europe a mu 1996 n'kuzisandutsa mafunso. Kodi wodwala anakoka mpweya mokwanira, moti nthiti 10 zakumbuyo kapena 6 zakutsogolo zikuoneka pamwamba pa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba? Kodi mafupa awiri opingasa a pansi pa khosi atalikira mofanana kuchokera pamsana? Kodi mafupa a mapewa achoka pamapapo? Kodi mitsempha ya magazi ikuoneka mpaka m'mphepete, ndipo kuseri kwa mtima kukuoneka? Ndinapempha anthu atatu odziwa kuwerenga zithunzi kuti apereke mamakisi, aliyense payekha, pa sikirini imodzimodzi, magetsi atachepetsedwa, zithunzi zitasakanizidwa, manambala a cheza atabisidwa.

Sanagwirizane. Chithunzi chimene wina anati n'chabwino, wina anati n'chongolekerera. Ndinawerengera kappa, muyezo umene Jacob Cohen anaufotokoza mu 1960 woonetsa ngati anthu akugwirizanadi kapena angokumana mwamwayi, ndipo pa mafunso ena inatuluka yotsika. Nditabwerera kwa iwo ndinapeza kuti vuto linali langa. Mawu oti "chooneka bwino" aliyense ankawamva mwake. Tinakhala pansi ndi zithunzi zochepa zimene sizinali m'kafukufuku, tinakangana mpaka tinamvana tanthauzo la makisi iliyonse, kenako anayambiranso. Mmodzi wa iwo, mayi amene wawerenga zithunzi zaka zambiri, anandiuza kuti, "Mwanawe, ine sindifuna chithunzi chopachika pakhoma. Ndikufuna ndione ngati muli madzi m'mapapomu kapena mulibe."

Nditalumikiza mamakisi ndi manambala, median yathu inali pansi pa mlingo woyerekezera, ndipo ndikanatha kulemba kuti zonse zili bwino n'kutseka buku. Koma zithunzi za DI yokwera sizinapeze mamakisi oposa za DI ya pafupi ndi 0. Cheza chowonjezeracho sichinagule kanthu. Zimene zinagwa, zambiri sizinagwe chifukwa cha mchenga uja. Zinagwa chifukwa wodwala anapendekeka, kapena mapewa sanakankhidwire kutsogolo, kapena batani linadinidwa munthu asanamalize kukoka mpweya. Mawu aja timanena mothamanga ngati nyimbo, "kokani mpweya, usungeni, musapume", agogo osamva bwino amawamva chithunzi chitajambulidwa kale.

Panalinso kagulu ka zithunzi kamene kanandizunguza mutu: DI yabwino, wodwala wa thupi lapakati, koma DAP pamwamba. Ndinapempha kuti anditsegulire zithunzi zoyambirira, zisanakonzedwe. Ndinangoti kakasi. Pa sikirini ya dokotala panali chifuwa chodulidwa bwino m'mbali zonse, koma pa choyambiriracho panali chibwano, khosi, mikono ndi theka la mimba. Collimator inasiyidwa yotsegula, kenako chithunzi n'kudulidwa pakompyuta. Chithokomiro ndi mimba zinalandira cheza popanda amene anapempha kuziona, ndipo malo aakulu chonchi amachulutsa cheza chobalalika chimene chimadetsa chithunzi chomwecho. Chimodzi mwa zithunzizo, nditaona tsiku ndi nthawi, chinali changa, cha usiku wina pamene panja panali mzere wautali.

Pofotokozera anzanga ndinayamba ndi chithunzi changacho, ndipo sindinatchule dzina la wina aliyense. Tinagwirizana zinthu zochepa: katswiri wa fizikisi aonenso mlingo wa EI umene unalowetsedwa m'makina, tchati cha kVp ndi mAs chapakhoma chilembedwenso molingana ndi kukula kwa thupi, m'mphepete mwa collimator muzioneka pachithunzi chotumizidwa kwa dokotala, ndipo chithunzi chilichonse chobwerezedwa chizilembedwa chifukwa chake. Za kopa uja sitinamalize, chifukwa owerenga zithunzi anafuna kuti ayambe aona zotsatira pa phantom yofanana kwambiri ndi chifuwa cha munthu.

Lipoti ndinapereka, wondiyang'anira analibweza kawiri chifukwa cha matebulo, kachitatu anasaina. Sikelo ija ikadali pakhomo la chipindacho, ndipo ikatha miyezi isanu ndi umodzi ndikatenganso odwala ena 20 pa makina omwewo kuti ndione ngati DAP yatsika.