Chinsinsi cha makoma a malinga a ku Japan chili kuseri kwa miyala

Anthu akaona chithunzi cha linga la Himeji ku Japan, maso amathamangira ku nsanja yoyera mbee ija. Koma luso lalikulu lili pansi pake, pa khoma la miyala lomwe eni ake amalitcha ishigaki. Pakhomali palibe simenti kapena matope omatira.

Kamangidwe kameneka kanafala mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga atayamba kumanga linga la Azuchi mu 1576. Poyamba amisiri ankasanja miyala yosasema, njira yotchedwa nozura-zumi. Kenako anayamba kuiphwanya m'mbali kuti ikhalane bwino, n'kutseka mipata ndi timiyala. Pamapeto kunabwera kirikomi-hagi, miyala yosemedwa mpaka kugwirana kuti gwa. Imeneyi ndi yokongola, koma imatsekera madzi m'kati ngati mmisiri sanasiye potulukira.

Madzi ndiye mdani wamkulu. Mwala wakutsogolo amaugoneka mbali yake yaitali italowa m'kati mwa khoma, itapendekera pang'ono chakumbuyo. Kuseri kwake amathirako miyala ing'onoing'ono yambirimbiri, yotchedwa uragome, kenako mpamene pamabwera dothi. Mvula ikagwa, madzi amatsika m'timiyala timeneti m'malo mokankha khoma. Dothi kapena mizu ya mitengo ikatseka njirayi, khoma limayamba kutupa chapakati. Ku Japan kutupako amati harami, kutanthauza kuti khoma latenga mimba, ndipo likafika pamenepo mankhwala ake nthawi zambiri n'kuliphwasula n'kulisanjanso.

Pangodya ndi pamene ndimagoma nawo amisiriwa. Amatenga miyala yaitali, yomwe kutalika kwake kumaposa m'lifupi kawiri kapena katatu, n'kumaisanja mosinthanasinthana, uwu kuloza kumanja, wapamwamba pake kumanzere. Njirayi amati sangi-zumi, ndipo imamangiriza makoma awiriwo pamodzi.

Mphamvu yake inaoneka mu Epulo 2016, zivomezi zitagwedeza linga la Kumamoto lomwe mtsogoleri wankhondo Kato Kiyomasa anamaliza kumanga mu 1607. Pansi pa imodzi mwa nsanja za lingali, yotchedwa Iidamaru, khoma linagumuka, koma mzere umodzi wokha wa miyala yapangodya unatsala chilili, utasenza ngodya ya nsanjayo. Pokonzanso, amisiri amalemba nambala pa mwala uliwonse wogwa, n'kuufananiza ndi zithunzi zakale kuti ubwerere pamalo ake enieni.